Tsiku Limene Ndinakwecha Yohane Mbatizi

Inu ana, Limbani ndi Zione, ikani matelefoniwo pansi mayi anu akuwerengereni izi. Ndalemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti mumamva zonse, kungoti pakamwa panu pamatuluka Chingerezi chokhachokha. Mawu ena akakuvutani mufunse mayi anuwo, nawonso atuluke thukuta pang'ono.

Lamulungu lapitali, titaima chakukhomo kudikira kuti a Misa yoyamba atuluke, iwe Zione unandikoka jekete n'kundifunsa chifukwa chake chivundikiro cha beseni la ubatizo chili ndi mitundu iwiri, mbali ina yakuda bii, mbali ina yofiirira ngati uchi. Ndinakuuza kuti ukhale chete, tili m'nyumba ya Mulungu. Sikuti unkasokosa ayi. Ndinkangofuna mpata, chifukwa amene anachita zimenezo ndi agogo ako omwe unkawakoka jeketewo.

Mukandiona lero ndikuwodzera pasofa, rimoti ili m'manja, mumayesa ndinabadwa wofatsa. Mukafunse agogo anu aakazi. Pa unyamata wanga ndinali ndi mtima wapachala woti ngakhale agalu a kwathu ankaudziwa. Sukulu ndinalekeza Sitandade 7. Mutu unkagwira ndithu, koma tsiku lina aphunzitsi anandikwapula pa mlandu wa mnzanga, ine n'kuwalanda ndodo, kuithyola pabondo, n'kutuluka. Sindinabwererenso. Iwe Limbani usamwetulire pamenepo, ndamva zimene unachita pa mpira mwezi watha, ndipo magazi amenewo ndikuwadziwa kumene anachokera.

Bambo anga atasowa nane chochita, ananditengera ku mishoni ya kwathu, kuseri kwa mapiri a ku Dedza, n'kundipereka kwa Bulazala wina wokalamba amene ankayang'anira tchalitchi. Ankati mwina ntchito ya Mulungu indiziziritsa. Sinandiziziritse, koma inandiphunzitsa chinthu chimodzi, kukwecha. Loweruka lililonse ndinkatulutsa panja zoikapo makandulo, chofukizira lubani, kabelu ka pa guwa ndi mtanda wotsogolera. Zonsezo zinali zamkuwa. Ndinkatapa phulusa kukhitchini, kulisefa pakansalu, kuthyola mandimu kuseri kwa nyumba ya asisitere, n'kukhala pansi pa mtengo wa mkungudza. Udule ndimu pakati, uliviike m'phulusa, ukweche mpaka zala zichite dzanzi. Ukamaliza, Bulazala ankanyamula chinthucho n'kudziyang'anirapo. Ndevu zake zikapanda kuoneka bwinobwino, ankangochibweza kuti ndikwechenso. Nthawi zina ankati chinthu cha Mulungu chikada ndiye kuti anthu ake agona. Pansi napo tinkapaka polishi wofiira n'kupukuta ndi bulashi yopondapo ndi phazi, uku ndi uku ngati ukuvina, mpaka amayi ankaterereka pobwera kudzalandira Ukaristia. Inu lero muli ndi kamakina kozungulira kokha m'nyumba, mpaka munakapatsa dzina, ndipo mumadandaula kuti mwatopa mukangokatsitsa pamasitepe.

Kumishoni komweko ndi kumene ndinapeza agogo anu, aNaphiri. Iwo anali namwino pachipatala, ine wokwecha makandulo. Mpaka lero sindidziwa chimene anaona mwa ine, ndipo ndimaopa kufunsa, angayambe kuganizanso.

Iwo ndi amene anatibweretsa kuno, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, atapeza ntchito pachipatala china ku South Bend. Mayi anu Takondwa anali kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi, kamano otalikirana. Tinatsika ndege ku Chicago, n'kukwera sitima imene inatisiya pabwalo la ndege la ku South Bend, chinthu chimene chinandizunguza mutu, kuti sitima ikathere pamene pamatera ndege. Kunja kunali sinowo, chipale choyera chija choterera. Ine ndinali nditavala suti yanga ya ukwati ndi nsapato zosongoka. Kuchoka pakhomo kufika pagalimoto ndinagwa kawiri, ndipo mayi anu anaseka kawiri konse.

Ku South Bend tinapeza Amalawi anzathu, anthu abwino, koma ophunzira okhaokha. Uyu akuchita masitazi, uyo ndi dokotala, winayo amaphunzitsa ku yunivesite. Tikakumana Loweruka, funso lawo loyamba linali lakuti munaphunzira kuti achimwene. Sankafunsa mwachipongwe, koma ine linkandilasa. Ndinazolowera kuthawira panja kukawotcha nyama, chifukwa pamakala palibe amene amafunsa satifiketi. Mkwiyo wonsewo ndinkapita nawo kuntchito. Ntchito yoyamba inali yonyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu. Kapitawo, mnyamata wamng'ono kwa ine, anandiitana ndi chala chimodzi chopindikira m'mwamba, mmene kwathu timaitanira galu. Zimene ndinamuyankha sindingalembe pano, ndipo anandifaya dzuwa lisanapendeke. Yachiwiri inali yotsuka mbale. Imeneyo ndinavula epuloni ndekha n'kuiponya m'sinki. Maulendo onse awiri agogo anu ndi amene anapita kukapepesa kwa anthu amene anandipezera ntchitowo.

Patapita zaka ziwiri agogo anu anapeza malo pachipatala chachikulu ku Indianapolis. Tsiku losamuka iwo ndi amene ankadiraiva, ine ndinalibe laisensi. Msewu umenewo mumaudziwa, minda ya chimanga yokhayokha, yosalala ngati tebulo, popanda ndi kaphiri komwe koti maso apumirepo. Mayi anu anali atagona kumbuyo pakati pa mapilo. Tili pakati pa ulendo, aNaphiri anatsitsa wailesi. Anandiuza kuti wansembe wina amene ankayendera odwala wandipezera ntchito yosesa m'tchalitchi chachikulu cha m'tauni. Kenako, maso ali pamsewu, anati:

"Bambo a Takondwa, ine ndatopa kukupepeserani. Iyi ndi ntchito yachitatu. Mukaitaya chifukwa cha mtima wanuwo, ndikugulirani tikiti mubwerere kumudzi. Ine ndi mwana titsala."

Anakwezanso wailesi. Inu mumawadziwa agogo anu ngati munthu wa mabisiketi ndi maswiti a m'chikwama. Ine ndimawadziwa ngati munthu amene sanena chinthu kawiri.

Tinapeza nyumba ku Speedway, kumene mwezi wa Meyi magalimoto a mpikisano amalira tsiku lonse ngati njuchi zolusa, mpaka makapu ankanjenjemera m'kabati. M'mawa uliwonse ndinkakwera basi kupita m'tauni.

Tsiku loyamba kulowa m'tchalitchimo ndinaiwala ndi kugwada komwe. Cha kwathu ku mishoni ndinkachiyesa chachikulu, koma chikanalowa m'menemo n'kutsala malo oimikapo ngolo. Mizati yamiyala yoti anthu awiri sangaikumbatire, denga lokhota kutali m'mwamba, mawindo a magalasi amitundumitundu amene dzuwa likawomba ankathira zofiira ndi zobiriwira pamabenchi. Munkanunkhira sera, lubani wakale ndi matabwa. Ukatsokomola, chifuwa chako chinkapita kutsogolo n'kubwerera.

Amene anandilandira anali mkulu wina wachizungu, aWalter, woyang'anira zonse za m'tchalitchimo. Anali wamfupi, wofiira nkhope, kamakina kothandiza kumva kali kukhutu, mulu wa makiyi uli m'chiuno. Sanandifunse za sukulu, ndipo pa chimenecho ndinawakonda. Anandipatsa mopu, ndowa, vakyumu ndi fosholo ya sinowo. Anandiloza pansi, mabenchi, zimbudzi ndi masitepe a panja. Kenako analoza kuguwa n'kunena kuti kumeneko ndisakhudze kanthu. Basi, maphunziro anathera pomwepo. Sindinachedwe kuzindikira kuti nawonso anali ndi mtima ngati wanga. Ankakalipira operekera maluwa, oimba kwaya, ngakhale nkhunda za padenga.

Ndinagwira pafupifupi chaka chathunthu osayambana ndi munthu. M'chilimwe ndinkatsegula zitseko zonse kuti mphepo ilowe. Masamba akayamba kugwa ndinkasesa masitepe katatu patsiku. Nyengo yozizira ndiyo inali yowawa, chifukwa anthu ankalowa ndi mchere umene amathira m'misewu kuti sinowo isungunuke, uli kunsapato, pansi ponse n'kuyera ngati padutsa nkhuku za m'chigayo. Ndinkamopa, Misa n'kulowa, n'kumopanso. Agogo anu anayamba kundiyang'ana ndi diso lina, mpaka tsiku lina anandigulira magolovesi popanda chifukwa.

Koma munali chinthu chimodzi chimene chinkandisowetsa mtendere. Beseni la ubatizo lija mumaliona chakukhomo, lamwala woyera, loima pa mwendo umodzi. Chivundikiro chake n'chamkuwa, chooneka ngati denga la nkhokwe, m'mbali mwake muli nsomba ndi mafunde, pamwamba pake Yohane Mbatizi akuthira madzi pamutu pa Ambuye. Nthawi imeneyo chonse chinali chakuda, m'makona muli zobiriwira, Yohane osaoneka ndi maso omwe. Ndikamamopa mozungulira ndinkachita manyazi m'malo mwa eni ake. Ndinkati anthu olemera chonchi, magalimoto awiriawiri pakhomo, n'kusiya chinthu cha Mulungu chikuoneka ngati kunsi kwa mphika. Ndinaganiza kuti aWalter akalamba, maso afooka, manja atopa. Ndipo beseni silinali kuguwa, linali kukhomo, dera langa.

Lenti itafika ndinamanga mfundo mumtima kuti pa Pasaka, pamene akuluakulu amabatizidwa, adzapeza chivundikiro chikuwala. Sindinauze munthu, ngakhale agogo anu. Ndinkafuna kuti kamodzi kokha anthu ophunzira aja amve kuti mwamuna wa aNaphiri wachita chinthu chimene Azungu analephera.

Vuto linali phulusa. Dziko lino lili ndi chilichonse, koma pita ukafune phulusa uone. Mbaula ndi zamagetsi, zinyalala amatenga ndi lole. Ndinadikira mpaka tsiku limene Amalawi anzathu anabwera kwathu kudzacheza, ndipo nditawotcha nyama ndinasunga phulusa la makala m'chitini cha khofi. Ndinalisefa ndi sefa ya tiyi ya agogo anu, ndipo ichi akuchimva lero koyamba. Mandimu ndinagula m'sitolo, akuluakulu onga malalanje, opanda ndi nthanga zomwe.

Lachiwiri la Sabata Loyera, Misa ya masana itatha, aWalter anapita kwa dokotala wa makutu. Ndinayala nyuzipepala pansi, n'kuyamba. Chinali chouma kuposa mkuwa wa kwathu. Ndimu loyamba linatha popanda chooneka. Ndinathamangira kukhitchini ya holo ya tchalitchi kukatenga sitiliwulu. Pamenepo ndiye chinagonja. Kunayamba kutuluka mphuno ya Yohane, kenako ndevu, kenako kachikho kali m'dzanja lake. Nsomba zinatuluka ndi mamba ake, imodziimodzi. Ndinkaimba nyimbo za kwathu za Lenti, thukuta lili kamukamu, ndipo ndikuuzeni zoona, chifikireni m'dziko lino ndinali ndisanakondwepo choncho. Pofika cha m'ma folo ndinali nditamaliza Yohane yense ndi theka la chivundikiro. Ndinawerama n'kuona nkhope yanga.

Ndinamva makiyi akugwa pansi kumbuyo kwanga. AWalter anali ataima, kukamwa kuli yasa. Ine ndinaimirira n'kupatuka pang'ono kuti aone bwino, ndikudikira zikomo wanga.

Anayamba ndi mawu apansipansi, kufunsa kuti ndachita chiyani. Kenako mawu anakwera mpaka kudzaza tchalitchi chonse. Chingerezi changa nthawi imeneyo chinali choyenda ndi ndodo, koma munthu akamakutukwana sufuna womasulira. Anandilanda kansanza m'manja. Pamenepo mtima wanga wapachala uja unadzuka. Ndinawauza kuti ndagwira ntchito imene iwo akhala akuithawa zaka zonsezi, ndipo kwathu munthu wosiya chinthu cha Mulungu chili chonchi sangapatsidwe makiyi. Iwo analoza chitseko n'kunena kuti ndituluke.

Chitini cha phulusa chinali m'dzanja langa, ndipo dzanjalo linakwera lokha. Sindinawagende, pa chimenecho ndimathokoza mngelo wanga mpaka lero. Ndinachimenyetsa pansi. Phulusa linafuka, kugwera pamiyala, pamabenchi, pansapato zawo. Ndinatuluka osatenga ndi jekete lomwe.

Pasiteji ndinalola mabasi atatu kudutsa. Mkwiyo utayamba kutsika, m'malo mwake munalowa mawu a m'galimoto muja. Ndinadziona ndikutsika minibasi pa Dedza ndi kachikwama kamodzi, anthu akufunsa kuti nanga mayi ndi mwana ali kuti.

Kunyumba ndinapeza agogo anu atabwera kale kuchokera ku shifiti ya m'mawa. Anayang'ana zikhadabo zanga zakuda, ananunkhiza mandimu, n'kundiuza kuti ndifotokoze. Ndinafotokoza zonse, ndi za chitini zomwe. Mayi anu anali patebulo ndi homuweki, pensulo osayenda, makutu ali tcheru. ANaphiri sanakalipe. Anangofunsa ngati andichotsa. Ndinati anangoti ndituluke. Ndinayesa kunena kuti mwina iwo, poti amadziwana ndi wansembe uja, akanapita kukalankhula.

"Munakwecha nokha," anatero. "Mukapepesenso nokha. Pofika Lachisanu ndimve ngati muli pantchito kapena ayi."

Tsono inu ana, kuno kupepesa n'kosavuta. Mumangoti sole muli chiimire, maso ali pa TV, nkhani yatha. Kwathu munthu ukalakwira wamkulu supita wekha, ndipo supita chimanjamanja. Umapeza munthu wachikulire wokulankhulira, n'kugwira nkhuku. Ine wondilankhulira ndinalibe, amene ndinali naye anali atakana. Ndipo ndinazindikira kuti chibadwire ndinali ndisanapepesepo ndi pakamwa panga. Kusukulu anapita bambo anga, ku South Bend anapita akazi anga. Chotsala chimene ndinkachidziwa chinali nkhuku.

Yamoyo ndikanaipeza kuti m'tauni ya Indianapolis? M'mawa mwake ndinalowa m'sitolo n'kugula yowotcha kale, ija amaika m'chibakuli cha pulasitiki. M'basi monse munanunkhira, mpaka mayi wina anasamuka mpando.

Ndinawapeza aWalter atagwada pafupi ndi beseni, akuchotsa phulusa m'ming'alu ya miyala ndi kabulashi kakang'ono. Munthu wa zaka za bambo anga, akusesa zimene ndinamwaza ine. Ndinavula chipewa, ndinanjuta patsogolo pawo, ndinaika nkhuku pansi, n'kuwomba m'manja katatu mwaulemu, mmene timachitira kwathu. Anayang'ana ine, anayang'ana nkhuku, n'kufunsa kuti chimenechi n'chiyani. Ndinawafotokozera m'Chingerezi changa chothyokathyoka kuti kwathu wolakwa amabwera ndi nkhuku, kuti imayenera kukhala yamoyo koma ndalephera kuipeza, ndi kuti ndalakwa. Mawu omalizawo anatuluka ngati ndikuzula dzino.

Anayang'ananso nkhukuyo. Kenako anati iwo sadya nyama Lenti yonse. Ndinaona ngati pansi patseguke ndilowe. Koma anasuntha n'kukhala pabenchi yakumbuyo, n'kundiuza kuti ndikhale pambali pawo.

Anandiuza kuti beseni lija ndi lakale kuposa tchalitchi chenichenicho. Linabwera pa sitima yapamadzi ndi anthu oyamba a mpingowo, osauka ochokera ku Ulaya, amene anabwera kudzakumba ngalande ndi kuyala njanji. Analichotsa m'katchalitchi ka kumudzi kwawo, ndipo kuno linayamba lakhala m'katchalitchi kamatabwa, miyala iyi isanasanjidwe. Agogo awo anabatizidwira pamenepo, bambo awo, iwo eni, ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anamwalira ali mnyamata. Anati kuda kuja si litsiro. Mkuwa ukamakalamba umamera khungu lake, ndipo khungu limenelo linatenga zaka zoposa zana kuti lifike pamene linafika, ndi mpweya wa anthu, utsi wa makandulo ndi manja a amayi ogwira chivundikiro podikira ana awo. Kenako ananena chimene chinandipweteka koposa. Anati mwezi uliwonse, kwa zaka makumi atatu, iwo ankachipukuta ndi kansalu kofewa n'kupakapo sera pang'ono kuti khungulo lisawonongeke. Munthu amene ndinamunena kuti wathawa ntchito.

Ine ndinangowauza za Bulazala wa kwathu ndi ndevu zake, za phulusa, za mtengo wa mkungudza. Anamvetsera atapendeketsa khutu la kamakina lija. Pa ndevupo anatulutsa kamphepo m'mphuno, kuseka kwawo kunali komweko. Anandiuza kuti bambo mfumu, wansembe wamkulu wa tchalitchicho, abwera posachedwa, ndipo afuna kudziwa zonse. Apo ndinameza manyazi n'kuwauza za tikiti. Anandifunsa ngati mkazi wanga akunenadi zoona. Ndinati simukuwadziwa.

Bambo mfumu atafika anazungulira beseni kawiri, manja ali kumbuyo. Anafunsa kuti zachitika bwanji. Ndinatsegula pakamwa, koma aWalter ananditsogolera.

"Theka la mlanduwu ndi langa, Bambo. Munthuyu ndakhala naye chaka chathunthu. Ndinamupatsa mopu, koma sindinamuuzepo kuti chinthu chilichonse m'nyumba muno n'chiyani."

Bambo mfumu anati alipo akatswiri amene angathe kudetsanso mbali yowalayo ndi mankhwala, ifanane ndi inzake. AWalter anakana. Anati ukalamba wopaka ndi bodza, ndipo bodza silingakhale pamwamba pa madzi a ubatizo. Chisiyidwe choncho, chidzada chokha pa nthawi yake. Anatembenukira kwa ine n'kuwonjeza kuti ndipo theka linalo ndisaliyandikire. Bambo mfumu anaona phulusa lotsala pansi pa benchi n'kufunsa kuti nanga ili. AWalter anati likusesedwa. Anandipatsira kabulashi kaja, nkhani ya chitini n'kufera pomwepo.

Chilango changa chinali chakuti tsiku lililonse Misa ya masana ikatha, ndiziyenda nawo theka la ola m'tchalitchimo, chinthu chimodzi patsiku. Imeneyo ndiyo sukulu yokhayo imene ndinamaliza. Anandionetsa mpando wa Ambuye Episkopi, wamtengo wakuda, kumanzere kwa guwa, n'kundiuza kuti chimene chimachititsa tchalitchi kutchedwa kathidulo si kukula kwake koma mpando umenewo. Anandiwerengera maina olembedwa m'munsi mwa mawindo, mabanja amene anapereka windo lililonse. Lija la Maria ndi Elizabeti, limene iwe Zione umati amayi awiri akunong'onezana miseche, linaperekedwa ndi atsikana ogwira ntchito m'nyumba za anthu olemera, ndipo palibe dzina la munthu, anangolemba kuti atsikana antchito. Anandigwiritsa timabowo ta misomali m'mphepete mwa mabenchi, pamene kale pankakhala manambala, banja lililonse benchi yake, osauka n'kumaima kumbuyo. Anandikweza kukaona mipope ya limba, ina yaitali kuposa nyumba yathu ya ku Speedway, ina yaing'ono ngati bango la chitoliro. Ananditsitsira pansi pa guwa, kumene kuli manda a maepiskopi akale, kozizira ngati m'firiji. Sitepe ya pakhomo la sakalisitiya, chipinda chovalira ansembe, yokumbika pakati chifukwa cha mapazi, ndinawauza kuti ndikhoza kuidzaza ndi simenti Loweruka limodzi. Anandiyang'ana mpaka ndinanena ndekha kuti ndikuseka.

Tinkakanganabe, musaganize kuti tinasanduka angelo. Koma tinkakangana ngati anthu a nyumba imodzi. Miyendo yawo itayamba kukana, makiyi aja anasamukira m'chiuno mwanga, ndipo atamwalira ndinali mmodzi wa onyamula bokosi lawo kudutsa pafupi ndi beseni lomwelo. Nkhuku ija, poti mufunsa, anaisunga m'firiji ya kuholo. Tinaidya awiri Lolemba la pambuyo pa Pasaka, itauma ngati thabwa, ndipo anaimaliza mpaka mafupa.

Koma ndathamanga, ndibwerere ku sabata lija. Lachitatu lomwelo ndinafika kunyumba n'kuuza agogo anu kuti ntchito ilipo. Anafunsa kuti wandilankhulira ndani. Ndinati ndalankhula ndekha, ndi nkhuku. Anandiyang'ana ngati wodwala amene akunama kuti wamwa mankhwala, n'kunena kuti akaona okha. Lachisanu linadutsa osanena kanthu. Loweruka chimodzimodzi. Masiku amenewo ndinkadya ngati mlendo m'nyumba yanga yomwe.

Lamulungu la Pasaka m'mawa tinapita tonse atatu. Agogo anu anavala chitenje chawo chatsopano ndi duku, mayi anu diresi loyera ndi nsapato zowathina. Titangolowa, aWalter anationa n'kubwera, makiyi akulira. Anagwira dzanja la aNaphiri ndi manja awiri, n'kuwauza kuti mwamuna wawo sapita kulikonse, chifukwa ali ndi zambiri zoti aphunzire ndipo iwo sanathane naye. Anawonjeza kuti chokhacho, mandimu kunyumba azibisa. Atatero anathamangira kukakalipira munthu wina amene anaika maluwa pamalo olakwika.

Agogo anu anapita pabeseni. Anaima nthawi yaitali, akuyang'ana mbali yakuda, akuyang'ana mbali yowala, Yohane akunyezimira ndi dzuwa la pawindo. Ine ndinali kumbuyo kwawo, chipewa chili m'manja, ngati ndikudikira zotsatira za mayeso. Limba linayamba kulira, anthu akudutsa kukafuna malo. Kenako anabwerera m'mbuyo pang'ono, osatembenuka, mpaka phewa lawo linakhudza langa, n'kunong'ona:

"Musakawauze aWalter, bambo a Takondwa. Koma mbali yanuyi ndiye yaoneka bwino."

Anandigwira dzanja pamaso pa anthu onse, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatiranireni, n'kundikokera kutsogolo kuti tikapeze benchi ya anthu atatu.